Nyimbo ya orchestra ya m'gemu kuti ikhale chiptune: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Funso lachokera kwa achimwene ena a ku Area 25 amene amapanga mabiti pa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa FL Studio. Pali nyimbo ina ya m'gemu imene amaikonda, yoimbidwa ndi orchestra yathunthu, imene imalira pa nkhondo yomaliza. Anapeza MIDI yake (fayilo ya manoti a nyimboyo) pa intaneti, ya matiraki 24, ndipo tiraki iliyonse anaipatsa mawu a square wave kuti imveke ngati magemu akale aja tinkalumikiza ku TV. Akuti zomwe zatuluka zikungomveka ngati njuchi zalowa m'chidebe. Akufunsa kuti alakwitsa pati, komanso ngati pali pulogalamu imene ingawagwirire ntchitoyi.

Achimwene, zikomo pofunsa. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lalifupi. Mapulogalamu olowetsa MIDI alipo, koma palibe ndi imodzi yomwe imene ingadziwe kuti mtima wa nyimbo yanuyo uli pati. Ntchito ya chiptune, nyimbo zomveka ngati za makina a magemu akale, yagona pa kusankha kuti ichi chikhale, ichi chichoke, ndipo wosankhayo ndinu.

Tione kaye makina amene mukufuna kutengera. Famicom ya kampani ya Nintendo inatuluka ku Japan mu 1983, ndipo ku America inafika mu 1985 ndi dzina loti NES. Magemu a makatiriji achikasu aja ambirife tinakulira nawo anali otengera makina omwewa. M'kati mwake muli chip yotchedwa Ricoh 2A03, ndipo ili ndi matchanelo asanu okha. Awiri ndi a pulse, omwe inu mukuwatchula kuti square. Chachitatu ndi triangle. Chachinayi ndi noise, chimene chimangoti waaa ngati wailesi imene yasowa siteshoni. Chachisanu, DPCM, chimaliza timawu tojambulidwa tatifupi, tokhakhala ndithu. Tchanelo chilichonse chimaimba noti imodzi basi pa nthawi imodzi. Ndiye mukapatula noise ndi DPCM, mwatsala ndi oimba atatu. Nyimbo zambiri zimene mumazikumbukira za nthawi imeneyo zinkaimbidwa ndi atatu amenewo, pamodzi ndi woimba ng'oma mmodzi.

Njuchi zanuzo zachokera pamenepa. Mavayolini khumi akamaimba pamodzi, mawu awo amayamba mofewa, amasungunukirana, ndipo holo imene akuimbiramo imawasakaniza ngati phala. Square wave sichita zimenezo. Imayamba mwadzidzidzi, ndi yakuthwa, ndipo simasuntha mpaka mutaizimitsa. Mukasanjikiza 24 zoterozo, iliyonse ikukuwa payokha. Komanso mukayang'anitsitsa MIDI yanuyo mupeza kuti matiraki ambiri akunena chinthu chimodzi: chitoliro, vayolini woyamba ndi lipenga onse akuimba chuni chomwecho, wina pamwamba wina pansi. Pa matiraki 24 aja, maganizo enieni osiyana mwina ndi anayi kapena asanu.

Musaope kuti nyimbo yaikulu choncho singakwane pa mawu atatu. Njira imeneyi anthu anaiyendapo kale, kungoti ankalowera kwina. Mu 1987, ku Suntory Hall mu mzinda wa Tokyo, Koichi Sugiyama anatsogolera konsati ya nyimbo za gemu ya Dragon Quest, zimene anthu anazimva koyamba pa Famicom, zikuimbidwa tsopano ndi anthu a zida zenizeni. Nyimbo zinakula kuchoka pa mawu atatu popanda kutaya nkhope yake, chifukwa mafupa ake anali olimba. Inu mukubwerera m'njira yomweyo, kuvula nyimbo zovala zake kuti muone mafupawo.

Choyamba chimene ndikupempheni ndi chakuti mutseke laputopu. Ine ndinakulira m'kwaya ya kumpingo ku Kawale, ndipo solfa ndi imene inanditsegula maso pa nkhani imeneyi. Pamene ndinkakonza nyimbo yanga yoyamba ya mtunduwu, ndinaumirira kusunga mavayolini othamanga aja amene amayenda pansi pa chuni, poganiza kuti mphamvu yonse ili mmenemo. Tsiku lina madzulo magetsi atathima, tinakhala pakhonde ine, mlongo wanga ndi mwana wake wamwamuna. Ndinawaliza nyimboyo pafoni kawiri, n'kuwauza kuti aimbe zimene akumbukira. Mlongo wanga anatenga chuni. Ine ndinagwira besi. Mnyamatayo, amene sadziwa ngakhale dzina la chida chimodzi cha orchestra, anayamba kung'ung'uza kamzere kena ka manoti asanu kamene lipenga limayankha nako chuni chikapuma. Mavayolini aja palibe anawakumbukira. Kamzere kameneko ine ndinali nditakachotsa, ndipo n'chifukwa chake ntchito yanga inkamveka ngati nyumba yopanda munthu. Chitani chimodzimodzi. Pezani anthu awiri, muimbe nyimboyo pakamwa, wina aziomba tebulo. Ngati munthu wodutsa pamsewu angaizindikire, mwapeza zoti musunge.

Chuni chipatseni pulse yoyamba. Besi ipite ku triangle. Ng'oma zipite ku noise. Izi sizivuta. Luso lonse lagona pa pulse yachiwiri, chifukwa ameneyu ndi wantchito mmodzi amene akuimira anthu makumi angapo, ndipo ntchito yake imasintha mwina pa bar iliyonse.

Nthawi zina ntchito yake ndi ya alto, kuyenda pansi pa chuni ngati mmene timachitira m'kwaya. Apa funso ndi lakuti pa chord ya manoti anayi kapena asanu musunga iti. Tinene kuti chord ndi d m s. Besi yagwira d, chuni chili pa s. Pulse yachiwiri ipatseni m, chifukwa m ndi amene amauza khutu ngati chord ili yosangalala kapena yachisoni. Ngati chuni chili kale pa m, ndiye muli ndi ufulu: mutha kuika s, kapena noti yachisanu ndi chiwiri ngati nyimboyo ili nayo. Noti imene mungaitaye osadandaula ndi s, chifukwa khutu limaimva yokha kuchokera ku besi. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kupatsa matchanelo awiri noti yofanana. Pa oimba atatu, kumeneko n'kuwononga munthu mmodzi wathunthu.

Nthawi zina chord yonse ikufunika, makamaka pamene mavayolini agwira manoti aatali ngati denga pamwamba pa nyimbo. Apa ndi pamene arpeggio imalowa, kamvekedwe konjenjemera kaja kamene aliyense amakadziwa kuti ndi ka magemu akale. Makinawa amatha kusintha noti maulendo 60 pa sekondi imodzi. Ndiye tchanelo chimodzi chimathamanga d m s d m s mofulumira kwambiri moti khutu limamva ngati zonse zikulira pamodzi. Mu FamiTracker, pulogalamu yopangira nyimbo za NES imene manoti amalembedwa m'mizere yotsika pansi, mumalemba 047 pambali pa noti kuti mupeze chord yosangalala, ndi 037 kuti mupeze yachisoni. Manambalawo akungowerenga makiyi a pa kiyibodi, oyera ndi akuda omwe, kuchokera pa noti imene mwalemba: anayi kenako asanu ndi awiri. Koma ndikuchenjezeni, arpeggio yothamanga imatopetsa makutu. Ine ndimaisungira malo awiri kapena atatu pa nyimbo yonse, ndipo voliyumu yake ndimaiika pansi, pa 4 kapena 5. M'malo ena ndimaphwanya chord pang'onopang'ono, noti imodzi pa mzere uliwonse, monga woimba gitala akamakhudza nsambo imodziimodzi. Imeneyo imamveka yaulemu, ndipo imagwirizana kwambiri ndi nyimbo zochokera ku orchestra.

Ndipo nthawi zina ntchito yake ndi kuyankha, ngati kamzere ka lipenga kaja. Amene munaonapo mangolongondo akuimbidwa mukudziwa kuti anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina akamenya wina amalowa pampata, mpaka womvera amaganiza kuti manja ndi ambiri. Ganizani choncho. Yang'anani pamene chuni chagwira noti yaitali kapena chapuma, ndipo mulowetsepo zimene munasowa poziika. Ngakhale pulse yoyamba yomweyo, chuni chikapuma kwa mabiti awiri, itha kutsika n'kukaimba kamzere ka vayolini, n'kubwerera nthawi yake isanakwane. Mukachita bwino, womvera adzalumbira kuti wamva mawu asanu.

Pamene palibe chofunika kuyankha, pulse yachiwiri ipangeni echo. Koperani chuni, muchichedwetse ndi mizere itatu, voliyumu ikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a yoyambayo: ngati chuni chili pa 12, echo ikhale pa 4. Makinawa alibe reverb, kumveka kwa mawu ngati ali m'holo, ndiye holo ya orchestra ija mumaimanga ndi manja mwa njira imeneyi. Pa chigawo chodekha, chimene chitoliro chimaimba chokha, palibe chimene chimakhudza mtima kuposa pamenepa.

Vuto lake n'lakuti zonsezi ndi zokoma, ndipo mudzafuna alto, arpeggio, yankho ndi echo pa bar imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa bar iliyonse dzifunseni kuti khutu la munthu likutsatira chiyani pa nthawi imeneyo mu nyimbo yoyambirira, ndipo mupereke chimenecho.

Tibwere ku kusiyanitsa zida, chifukwa orchestra imakoma ndi mitundu ya mawu. Pulse ya NES ili ndi maonekedwe anayi otchedwa duty: 12.5, 25, 50 ndi 75 peresenti, koma 75 imamveka chimodzimodzi ndi 25, ndiye kwenikweni muli ndi atatu. Ya 12.5 ndi yopyapyala, yolankhulira m'mphuno, imandikumbutsa kaligo. Ya 50 ndi yobulungira, yamphako, yoyenera chitoliro. Ya 25 ili pakati, yowala, ndipo ndi imene ndimaipatsa malipenga. Atatu okha, inde, koma chida sichidziwika ndi mtundu wa mawu okha. Chimadziwika kwambiri ndi mmene noti imayambira ndi mmene imathera. Voliyumu ili ndi masitepe 16, kuyambira 0 mpaka 15, ndipo mutha kulemba mmene iyendere pa kachigawo kalikonse ka sekondi. Lipenga liyambe mwamphamvu, 13, litsike msanga pa 9, n'kukhazikika pamenepo. Vayolini ayambe pansi, 3, 5, 7, 9, ngati uta ukugwira nsambo pang'onopang'ono. Nsambo yokodoledwa ndi chala iyambe pa 12 n'kugwa mpaka 0 mosachedwa. Mukafuna kuti lipenga lilume, liyambitseni pa duty ya 12.5 kwa kanthawi kochepetsetsa kenako lisinthire ku 25. Khutu silidzaona kusinthako, lidzangomva ngati munthu wauzira ndi lilime.

Pa manoti aatali ikanipo vibrato, koma mochedwetsa. Mvetserani mayi wa sopulano wodziwa ntchito yake: amayamba noti molunjika, kenako mawu amayamba kugwedezeka chakumapeto. Vibrato yoyambira pachiyambi penipeni imamveka ngati sailini ya ambulansi.

Triangle ili ndi khalidwe lakelake limene muyenera kulidziwa: ilibe voliyumu. Imangolira kapena kukhala chete. Simungaifewetse pa chigawo chodekha, ndiye njira yokhayo ndi kufupikitsa manoti kapena kuwachepetsa. Ine ndimaiona ngati babatoni wa anyamata oimba m'misewu ya m'tauni muno: nsambo imodzi, mawu amodzi, koma nyimbo yonse yatsamira pamenepo. Mu orchestra besi imatha kugwira noti imodzi kwa ma bar anayi osasuntha, chifukwa pamwamba pali zambiri zikuchitika. Pa chiptune noti yoteroyo imafa. Idulenidulenini, izidumpha kuchokera pa d wapansi kupita pa d wapamwamba, itengeko mayendedwe a mavayolini othamanga munawachotsa aja. Mwa njira imeneyi mphamvu yawo imabwerera popanda kudya tchanelo. Dziwaninso kuti mu FamiTracker triangle imamveka octave imodzi pansi pa imene mwalemba, ndiye musadabwe besi ikamira.

Ng'oma zikuluzikulu za orchestra zija, zimene zimagunda ngati bingu, noise payokha singazikwanitse. Ili ndi masitepe 16 okha a kukwera ndi kutsika kwa mawu. Imachita bwino pa snare, pa hi-hat ndi pa chiwaya chija chimati tsaaa pachimake. Kuti mupeze kugunda kolemera, bwerekani triangle: pachiyambi pa noti ya besi, iyambire pamwamba n'kugwa msangamsanga kufika pa noti yakeyo. Kugwako kumamveka ngati ng'oma yamenyedwa, ndipo besi imapitiriza ngati palibe chachitika. Mukhozanso kuika kugunda kojambulidwa pa DPCM. Ine pa ntchito yoyamba ndingakulangizeni kuti muisiye kaye, muphunzire kufinya zinayi zinazo.

Chimene chimavuta kwambiri pa nyimbo za nkhondo ngati yanuyo ndi kukula kwa nyimbo, pamene orchestra imayamba monong'ona n'kumakwera mpaka denga kugwedezeka. Masitepe 16 a voliyumu sangakufikitseni kumeneko, makamaka ngati munayamba kale pa 15. Ndiye chuni chizikhala pa 9 kapena 10 nthawi zambiri kuti pamwamba patsale malo. Kukula kwinako kupangeni ndi zinthu zina. Yambani ndi triangle ndi pulse imodzi yokha, inayo ili chete. Pakapita ma bar anayi ilowe ngati echo, kenako isanduke alto. Noise iyambe kugunda kawiri pa bar, kenako kanayi, kenako kasanu ndi katatu. Pachimake kwezani chuni ndi octave imodzi ndipo musinthe duty. Ndipo pachimakepo pasanafike, dulani zonse kwa theka la biti. Kachetechete kameneko kamagwira ntchito imene anthu 70 amaigwira ndi mapapo awo. Chenjerani pang'ono ndi manoti apamwamba kwambiri, chifukwa chip imeneyi ikakwera kwambiri manoti ake amayamba kuphonya pang'ono.

Za liwiro ndinene mwachidule. Poti makinawa amawerenga nthawi m'zigawo 60 pa sekondi, si liwiro lililonse limene limakwana bwino. Mu FamiTracker, speed ndi chiwerengero cha zigawozi pa mzere uliwonse: mukaika mizere inayi pa biti, speed 6 imakupatsani mabiti 150 pa mphindi, speed 5 imakupatsani 180, ndipo speed 8 ndi 112.5. Ngati nyimbo yanu ili pa 120, muzisinthanitsa 7 ndi 8. Wotsogolera orchestra amachedwetsa ndi kufulumizitsa mmene mtima wamuuzira. Inu sankhani liwiro limodzi, ndipo kuchedwetsa mukusungire kumapeto kwa chigawo. Ngati nyimboyo ili mu 6/8, makutu athu a kuno anaizolowera kale m'magule athu, ingoikani mizere isanu ndi umodzi pa biti m'malo mwa inayi.

Pa mapulogalamu, poti munazolowera piano roll ya FL Studio, yambani ndi FamiStudio. Ndi yaulere, imagwira pa Windows ngakhalenso pa foni ya Android, ndipo simakulolani kudutsa malire a makina enieni. Ubwino wake ndi umenewo: imakukanizani kuika noti yachinayi, ndiye mumakakamizika kusankha. FamiTracker ndi yakale ndipo manoti amalembedwa m'mizere yotsika pansi, koma maphunziro ake ndi ambiri. Furnace, yaulerenso, ili ndi ma chip ochuluka, kuphatikizapo a Game Boy ya 1989, imene ili ndi matchanelo anayi, ndi SID ya Commodore 64 ya 1982, imene ili ndi atatu. Mukafuna kukhalabe mu FL Studio, Magical 8bit Plug imapereka mawu oyenera, koma malirewo mudziikire nokha: matiraki anayi, lililonse noti imodzi, popanda reverb.

Mukayesetsa n'kuona kuti nyimboyo ikukanadi kukwana, pali khomo lina lovomerezeka. Makatiriji ena a ku Japan ankabwera ndi chip yowonjezera. Ya Konami yotchedwa VRC6 imawonjezera ma pulse awiri ndi sawtooth imodzi, ndipo sawtooth imeneyo imaimba malipenga ndi mavayolini akuluakulu mokoma zedi. FamiStudio ndi FamiTracker zonse zili nayo. Koma muitsegule mutamaliza kaye ndi mawu atatu, kuti owonjezerawo adzakhale ndiwo, nsima ilipo kale.

Mukamaliza, musakhulupirire mahedifoni okha. Anthu ambiri adzaimvera pa sipika ya foni, mwina ali m'minibasi kuchokera ku depoti kupita ku Area 25 komweko, ndipo pa sipika yaing'ono triangle yotsika kwambiri imasowa. Ilizeni pafoni panja pali phokoso. Besi ikasowa, ikwezeni ndi octave imodzi. Makutu akayamba kuwawa musanafike pakati, tsitsani ma pulse ndipo muchepetse duty ya 12.5.

Pali nkhani ya umwini imene sindingaidumphe. Ngakhale noti iliyonse mwailemba ndi dzanja lanu, nyimboyo ndi ya amene anaipeka kapena kampani ya gemuyo, ndipo MIDI munapeza ija nayonso inalembedwa ndi munthu. Poiika pa YouTube lembani dzina la wopeka ndi la gemu, ndipo musadabwe ngati eni ake atenga ndalama za malonda a pa vidiyoyo kapena kupempha kuti ichotsedwe. Kutchula dzina sikulowa m'malo mwa chilolezo. Ngati mukufuna kuigulitsa, pezani kaye chilolezocho. Kuno kwathu lamulo la za umwini limene likugwira ntchito ndi la 2016, ndipo a COSOMA, omwe ali konkuno ku Lilongwe, atha kukufotokozerani mmene zimayendera.

Sabata ino musagwire nyimbo yonse. Tengani ma bar asanu ndi atatu amene mumawakonda kwambiri, muwalembe papepala m'solfa, mizere itatu yokha, ndipo pamwamba pa bar iliyonse mulembe ntchito ya pulse yachiwiri: alto, yankho, arpeggio kapena echo. Mukatero tsegulani FamiStudio. Mukamaliza nditumizireni pamodzi ndi chithunzi cha pepalalo, chifukwa ndikufuna ndione kuti pa chigawo chimene kwaya imalowa pamwamba pa malipenga mwasankha kusunga ndani.